Ngongole zikafika m'khosi: kapezedwe ka loya masherifu asanagogode pakhomo

Alamu anga, amene ndi mphunzitsi wa ku pulayimale, anafika kwathu Loweruka lina m'mamawa atanyamula jumbo yakuda. Ine ndinkayesa muli chinangwa. Atakhuthulira patebulo, munali mapepala okhaokha: makalata a ku banki ena osang'amba n'komwe, mapeyisilipi a miyezi ingapo, tsamba la m'kope limene anasainirana ndi wakatapila, ndi samani ya ku khoti imene inali itagona kunsi kwa matiresi sabata yathunthu. Pakutha pa mwezi iwo ankangolandira uthenga pafoni kuti malipiro alowa, koma ndalama osaigwira, pakuti khadi la ATM linali m'thumba la munthu wina. Anandifunsa kuti, "Alamu, munthu wopanda ndi tambala yomwe amamupeza bwanji loya?"

Tinayenda nawo ulendo wonsewo, ndipo zimene ndikulembazi ndi njira imene ndingauze aliyense wobwera ndi jumbo yotero. Anthu otere achuluka. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kutsitsidwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongola dzanja chake kufika pa 26 peresenti, mabanki nawo n'kumaikapo chawo pamwamba. Munthu amene ankabweza bwinobwino ngongole yake mu 2021 anapezeka kuti malipiro omwewo sakukwanira ufa, lendi ndi banki pamodzi. Choncho manyazi muwasiye panja, tiyambe ntchito.

Yambani ndi kope, osati ndi loya

Musanaponde mu ofesi ya aliyense, gulani kope la masamba ochepa ndipo ngongole iliyonse muipatse tsamba lake. Lembani amene munam'kongola, tsiku, ndalama imene munalandira m'manja, imene mwabweza kale, chiwongola dzanja chimene munagwirizana, chikole chimene munapereka, ndi dzina la amene anakusainirani ngati wokuimirirani. Musadumphe iliyonse. Ya ku banki, ya ku SACCO, ya ku NEEF, ya ku banki m'khonde, ya pafoni, ya sukulu ku bungwe la ngongole za ophunzira, msonkho wa MRA ngati muli pa geni, lendi yotsalira, ngakhale ija ya kwa apongozi imene mumachita nayo manyazi. Kumapeto kwa kope lembani zimene muli nazo: puloti, nyumba, galimoto, njinga yamoto, firiji, ng'ombe, ndi ndalama imene anthu ena ali nayo kwa inu.

Gawo ili ndi lopweteka kuposa onse, ndipo anthu ambiri amathawira pomwepa. Alamu anga ankanena kuti ali ndi ngongole "mwina ziwiri zikuluzikulu." Titawerenga zinakwana zisanu ndi ziwiri. Koma tsamba la wakatapila ndi limene linatitsegula maso. Tiyerekeze munatenga K200,000 pa katapila wa theka pamwezi, ndipo chiwongola dzanja chikumaberekanso chinzake. Mwezi woyamba ndi K300,000, wachiwiri K450,000, wachitatu K675,000, wachinayi yadutsa K1 miliyoni. Munthu ukangomva "bwana, yakwera" pafoni sumaona masamu amenewa. Ukawalemba ndi dzanja lako ndi pamene umazindikira kuti palibe malipiro a mphunzitsi amene angaithamangitse ngongole yotere n'kuipeza.

Kopeli lili ndi phindu linanso. Loya amagulitsa nthawi. Mukamufikira ndi nkhani yongokumbukira m'mutu, ola lonse lithera pofufuza kuti ngongole ya banki munatenga chaka chanji. Mukamupatsa kope ndi mapepala osanjidwa bwino, ola lomwelo alithera pokuuzani chochita.

Onani pepala limene lili m'manja mwanu

Si kalata iliyonse yoopseza imene yachokera ku khoti. Kalata ya loya wa banki yonena kuti mubweze pasanathe masiku akutiakuti ndi chenjezo chabe, ndipo nthawi imeneyo ndi yabwino kwambiri yokambirana. Samani ndi ina: imakhala ndi dzina la khoti, nambala ya mlandu ndi chidindo, ndipo imatchula masiku amene mwapatsidwa kuti muyankhe. Mukangokhala chete masikuwo n'kutha, winayo amapempha chigamulo inu kulibe, ndipo khoti limatenga ndalama imene iye walemba ngati yoona, ngakhale itakhala yofufumitsa. Chigamulo chikatuluka ndi pamene pamabwera chilolezo cholanda ndi kugulitsa katundu, kapena lamulo lopita ku banki yanu kuti ndalama ya mu akaunti ipite kwa wokongozayo. Masherifu akafika pakhomo ndi lole, ndalama yolipira ntchito yawo imakweranso pamsana panu.

Ndiye ngati muli ndi samani, lembani pachikuto cha kope tsiku limene munailandira, ndipo loya mum'peze sabata yomweyo. Zengerezu adalinda kwaukwau. Alamu anga anapulumukira pa masiku owerengeka okha.

Chinthu china choti mudziwe msanga, chifukwa mantha ake ndi amene amachititsa anthu zopusa: ngongole si mlandu wa kupolisi. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 19, amanena kuti munthu asatsekeredwe m'ndende chifukwa cholephera kukwaniritsa mgwirizano. Wokongoza akamati "mawa mugona m'chitokosi," nthawi zambiri akungofuna muthamangire kwa katapila wina. Zimasintha pokhapokha ngati ndalamayo munaitenga mwachinyengo, monga kupereka chikole cha puloti ya eni, kapena ngati mukunyozera dala lamulo la khoti. Zoterozo muuzeni loya poyambirira penipeni.

Dziwani chimene mukukapempha

Ambiri akamva za bankruptcy, kumene ndi kugamulidwa ndi khoti kuti munthu walephereratu kubweza ngongole zake, amaganiza kuti ndi chofufutira: ulowa m'khoti ndi ngongole, utuluka wopanda. Sizili choncho, ndipo pa anthu khumi obwera ndi jumbo ya mapepala, ine ndimaona kuti ochepa kwambiri ndi amene afunikadi khomo limenelo. Pali makomo ena apafupi amene loya wabwino amayamba wagogoda.

Loyamba ndi kukambirana. Kalata ya loya yopita ku banki kapena ku bungwe la ngongole, yokhala ndi masamu a zimene mumapeza ndi zimene mungakwanitse pamwezi, imamveka mosiyana ndi kulira kwanu pa kauntala. Wokongoza wanzeru amadziwa kuti kugulitsa sofa yakale pa okushoni sikungamubwezere ndalama yake, ndiye amalola kutalikitsa nthawi, kuimitsa zilango za kuchedwa, mwinanso kudula gawo la chiwongola dzanja. Nkhani ikakhala kale ku High Court, milandu yambiri yotere imayamba yadutsa pa mkhalapakati isanafike pozengedwa, ndipo mpata umenewo ndi wanu. Ngakhale chigamulo chitatuluka kale, mutha kupempha khoti kuti likuloleni kubweza pang'onopang'ono, mutaonetsa poyera zimene mumapeza ndi zimene mumawononga.

Lachiwiri ndi kutsutsa ngongoleyo kapena kukula kwake. Tili ndi lamulo lotchedwa Loans Recovery Act limene limapatsa khoti mphamvu yotsegulanso mgwirizano wa ngongole ngati chiwongola dzanja chake ndi chopyola muyeso ndi chankhanza, n'kuchitsitsa kufika poyenera. Akatapila ambiri salidziwa lamuloli, ndipo amene amalidziwa safuna kuti inu mulidziwe. Palinso nkhani ya nthawi: ngongole ya mgwirizano wamba ikatha zaka 6 osaisumira, Limitation Act imatseka njira yoisumira. Koma apa chenjerani, chifukwa kuvomera ngongoleyo polemba kapena kuperekako kangachepe kumayambitsanso kuwerenga zakazo. N'chifukwa chake musasaine kapepala kalikonse ka ngongole yakalekale loya asanakaone.

Ngati amene akukuvutitsani ndi banki, SACCO kapena bungwe la ngongole zing'onozing'ono lolembetsedwa, ndipo vuto ndi kudula ndalama zosagwirizana kapena kukana kukupatsani sitetimenti, dandaulo limayambira kwa iwo eni polemba, likakanika limapita ku Reserve Bank, imene imayang'anira mabungwe onsewa. Pamenepo sipafunika loya.

Tsopano khomo lomaliza. Nkhani za munthu wolephereratu kubweza ngongole zimayendetsedwa ndi Insolvency Act ya 2016, imene inalowa m'malo mwa Bankruptcy Act yakale, ndipo zimapita ku High Court. Lamuloli lili ndi njira yapakati imene pa Chingerezi amati individual voluntary arrangement: mumapereka dongosolo limodzi kwa onse amene munawakongola, lonena kuti mubweza zingati ndiponso motani, iwo n'kuvotera, ndipo likavomerezedwa limamanga onse. Bankruptcy yeniyeni imabwera pamene ngakhale zimenezo sizingatheke. Mutha kuipempha nokha, kapena wokongoza atha kupempha khoti kuti likuikeni m'menemo. Khoti likagamula, katundu wanu amachoka m'manja mwanu kupita kwa woyang'anira woikidwa ndi lamulo, amene amagulitsa n'kugawira okongoza. Ubwino wake ndi woti kusumiridwa uku ndi uku kumaima, ndipo tsiku limafika loti mumasulidwe. Mtengo wake ndi wowawa: amene anagwira chikole cha nyumba amakhalabe ndi mphamvu pa nyumbayo, simungakhale dayirekitala wa kampani musanamasulidwe, gawo 51 la malamulo aakulu limakuletsani kuimira uphungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo dzina lanu kwa obwereketsa ndalama limakhala lodetsedwa nthawi yaitali. Loya amene akuthamangira kukuuzani za bankruptcy asanatsegule n'komwe kope lanu, muthokozeni n'kutuluka.

Kumene maloya amapezeka

Ngati m'thumba mulibedi kanthu, yambani ku Legal Aid Bureau. Bungweli linakhazikitsidwa ndi Legal Aid Act ya 2011 kuti lithandize amene sangakwanitse loya wolipira, ndipo lili ndi maofesi ku Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba komanso m'maboma ena. Anthu amaganiza kuti limangoimira oganiziridwa milandu yakupha, koma limatenganso milandu ya pakati pa anthu. Adzakufunsani za mapezedwe anu, ndipo malinga ndi zimene mumalandira atha kukupemphani kuperekako kangachepe. Tengani chiphaso cha unzika, mapeyisilipi, samani ndi kope lija. Lawirani, pakuti maloya ake ndi ochepa poyerekeza ndi anthu, ndipo mukafika pawindo chiganizo chanu choyamba chikhale tsiku limene samani ikuthera.

Njira ina ndi Malawi Law Society, bungwe la maloya onse, limene likulu lake lili ku Blantyre. Malamulo a ntchito ya uloya amafuna kuti loya aliyense azigwirako ntchito ina yaulere yothandiza osowa, ndiye si chipongwe kufunsa ngati nkhani yanu ingalowe m'gulu limenelo. Ku Zomba, sukulu ya zamalamulo ya University of Malawi ili ndi kiliniki yake kumene ophunzira, moyang'aniridwa ndi aphunzitsi awo, amapereka uphungu.

Ngati mutha kulipira pang'ono, funani loya wa nkhani zamalonda ndi ngongole, makamaka amene amaonekera kawirikawiri ku Commercial Division, nthambi ya High Court yoona milandu ya zamalonda. Uloya uli ngati udokotala: katswiri wa milandu ya ukwati kapena wa belo sali wofanana ndi amene amadya ndi kugona pa masamu a chiwongola dzanja. Funsani anthu amene anadutsamo: wa golosale amene anatsala pang'ono kulandidwa shopu, msungichuma wa SACCO ya kuntchito, akauntanti wa kutchalitchi. Mufunse kuti loyayo ankayankha foni kapena ayi, osangoti anapambana.

Amene muyenera kuwathawa ndi madobadoba ozungulira pa makhoti, ovala jekete, onyamula fayilo, amene amakulonjerani pageti kuti "bwana, nkhani yanu ndi yaing'ono, ndikudziwana ndi akalaliki." Ameneyo adya ndalama yanu yomaliza, ndipo tsiku la mlandu foni yake ikhala yozimitsa.

M'tsimikizireni musanam'patse tambala

Loya woona amakhala ndi laisensi imene amaikonzanso chaka chilichonse, ndipo Malawi Law Society imatulutsa mndandanda wa amene ali ndi laisensi ya chaka chimenecho. Yang'anani dzina lake pamenepo, kapena imbani ku bungwelo mufunse. Kukhala ndi digiri ya zamalamulo pakhoma sikokwanira. Munthu atha kukhala kuti anaphunziradi, koma laisensi sanakonzenso kapena anaimitsidwa, ndipo mapepala amene angakulembereni atha kukanidwa ku khoti nthawi yanu n'kutha.

Funso lina limene anthu amaiwala ndi ili: "Kodi ofesi yanu imagwirako ntchito za banki imene ndili nayo ngongole?" Dziko lathu ndi laling'ono, mabanki ndi owerengeka, ndipo maofesi aakulu ambiri a maloya amadyera komweko potolera ngongole. Loya wachilungamo akuuzani yekha kuti sangakuimireni, mwinanso akulozerani mnzake.

Tsiku lokumana naye

Nenani zonse. Ngati munagulitsa firiji imene inali chikole, nenani. Ngati puloti munailembetsa m'dzina la mlongo wanu mwezi watha, nenani. Zimene mumauza loya wanu ndi zachinsinsi, ndipo kuli bwino azimve kwa inu kusiyana n'kukazimvera m'khoti kuchokera kwa loya wa mbali inayo. Alamu anga anayamba abisa zoti akazi awo, amene ndi mlongo wanga, anasaina ngati wowaimirira pa ngongole imodzi. Loya atafunsa kachitatu ndi pamene anaulula, ali chiweramire. Loyayo, amene anali mayi, anavula magalasi n'kunena mofatsa kuti, "Aphunzitsi, ndiye kuti odwala ndi awiri, inu mwabweretsa mmodzi." Wokuimirirani amatha kusumiridwa ngongole yanu yonse, ndipo bankruptcy yanu siimumasula iye.

Inunso funsani, ndipo mayankho muwalembe. Nkhani ngati yanga mwagwirapo zingati, ndipo zinatha bwanji? Pa njira zonse, inu mukadakhala ine mukadayamba ndi iti? Nyumba imene ndikukhalamo ili pachiopsezo chotani? Nanga penshoni yanga, zida zanga zogwirira ntchito, katundu wa akazi anga amene anagula okha? Ndi ngongole ziti zimene sizingafafanizike ngakhale nditadutsa mu bankruptcy? Adzagwire fayilo yanga ndi inuyo kapena wina wa mu ofesi muno? Mvetserani ngati akukufotokozerani m'Chichewa chomveka kapena akukuphimbani ndi Chingerezi. Amene akulonjeza kuti "iyi tawina kale" ndi wokayikitsa kuposa amene akuti "apa n'povuta, koma tiyese chakuti."

Za malipiro musachite nazo manyazi, pakuti ndi chifukwa cha ndalama chomwecho mwabwera. Funsani musanakhale pansi ngati kukambirana koyamba kuli ndi mtengo. Funsani ngati alipiritsa pa ola kapena pa ntchito yonse, ndalama yoyambira ndi zingati, za ku khoti ndi za mayendedwe zili mkati kapena padera, msonkho uli mkati kapena ayi. Zonsezi zilembedwe m'kalata yosainirana. Ndalama iliyonse ipite ku akaunti ya ofesi ndipo mulandire lisiti la chidindo, osati kutumiza pa nambala ya foni ya kalaliki. Ndipo werengani masamu: kulipira loya K500,000 kuti alimbane ndi ngongole ya K400,000 ndi kugula mbuzi pofuna kupulumutsa nkhuku. Nthawi zina chimene mukufuna ndi ola limodzi la uphungu ndi kalata imodzi yolembedwa bwino, zotsalazo n'kuyenda nazo nokha ku khoti la majisitireti. Loya akadya ndalama yanu osagwira ntchito, dandaulo limapita ku Malawi Law Society, ndipo malisiti aja ndiwo mboni zanu.

Zoti musachite nkhani ili mkati

Musatenge ngongole yatsopano yotsekera yakale. Musasamutsire katundu kwa abale usiku, chifukwa khoti lili ndi mphamvu yobweza zosamutsa zotere, ndipo mukatero mwadzichotsera nokha chifundo cha woweruza. Musasankhe kubweza msuweni wanu yense n'kusiya ena onse pamene mukudziwa kuti mwagwa, pakuti lamulo la insolvency limaona zimenezo ngati kukondera. Khadi la ATM ndi chiphaso cha unzika zimene munasiya kwa wakatapila muuzeni loya tsiku loyamba lomwe. Ndipo masherifu akakufikani nkhani isanathe, musalimbane nawo. Pemphani kuona chikalata cha khoti ndi ziphaso zawo, lembani chilichonse chimene atenga, ndipo imbirani loya nthawi yomweyo, chifukwa kupempha khoti kuti liimitse kugulitsa kumatheka katundu asanafike pa okushoni. Ngati atenga katundu wa munthu wina, monga wa alendi anzanu, mwini wakeyo ali ndi njira yake yokadandaulira ku khoti, ndipo malisiti ogulira ndi amene amamupulumutsa.

Kwa abale a ku Joni

Ngongole yotengedwa ku South Africa imayendera malamulo a komweko. National Credit Act ya 2005 inakhazikitsa njira yotchedwa debt review, imene amayendetsa si loya koma debt counsellor wolembetsedwa ku National Credit Regulator. Iye amasonkhanitsa ngongole zanu zonse n'kukonza kabwezedwe kamodzi ka pamwezi, ndipo muli m'menemo simuloledwa kutenga ngongole ina. Mukalandira kalata imene amaitchula kuti section 129, dziwani kuti samani ili m'njira, ndipo nthawi yothamangira kwa debt counsellor ndi yomweyo. Loya wa kumeneko mumam'tsimikizira ku Legal Practice Council, ndipo osowa amapita ku Legal Aid South Africa. Ngongole zambiri wamba kumeneko zimafa pakatha zaka 3 osasumiridwa, osavomeredwa ndiponso osabwezedwako, osati 6 ngati kwathu kuno.

Mukagwirizana

Mgwirizano uliwonse ulembedwe ndi kusainidwa, ndipo ngati mlandu unali kale ku khoti, loya aupititse komweko kuti ukhale lamulo la khoti. Mawu apakamwa a ofisala wa ngongole amatha tsiku limene iye wasamutsidwa. Lipirani pa tsiku lake, ndipo mwezi umene mwaona kuti zivuta, lembani kalata tsikulo lisanafike. Ngongole iliyonse ikatha, pemphani kalata yonena kuti mwamaliza, tengani mapepala a chikole chanu, ndipo ngati chinali puloti kapena nyumba onetsetsani kuti ku ofesi ya zamalo achotsa chizindikiro cha ngongole pa chikalatacho. Kenako pitani ku mabungwe osunga mbiri ya ngongole, amene amagwira ntchito pansi pa Credit Reference Bureau Act ya 2010, mukaone ngati dzina lanu lakonzedwa, chifukwa wokongoza amafulumira kukulembetsani kuti simukubweza koma amachedwa kukafufutitsa.

Alamu anga sanafike ku bankruptcy. Wakatapila atalandira kalata yotchula Loans Recovery Act anabweza khadi la ATM n'kuvomera ndalama imene anapereka ndi kachiwongola dzanja kochepa, banki inatalikitsa nthawi, ndipo njinga yamoto inagulitsidwa ndi iwo eni pa mtengo wabwino m'malo mopita ku okushoni. Ngongole ziwiri zikadalipo. Jumbo ija anaitaya, anagula fayilo ya pulasitiki yobiriwira, ndipo pa 28 mwezi uliwonse amanditumizira chithunzi cha lisiti pa WhatsApp osalembapo mawu.